Kulembanso DOS ndi Windows kuchokera pachiyambi kuti mapulogalamu akale apitirize kugwira ntchito

Pa 29 Juni 1994, Jim Hall, amene panthawiyo anali wophunzira wa physics pa yunivesite ya Wisconsin ku River Falls m'dziko la America, analengeza kuti akuyamba kulemba sisitimu yoyendetsera kompyuta imene idzagwire ntchito ngati MS-DOS koma imene aliyense adzakhale ndi ufulu woikopera ndi kuisintha. Mbiri inali itamveka yoti kampani ya Microsoft idzasiya DOS ikadzatulutsa Windows yotsatira, ndipo iye anali ndi mapulogalamu a DOS amene anali atawazolowera moti sankaona chifukwa chowatayira. Ntchitoyi inayamba ndi dzina loti PD-DOS, kenako inakhala FreeDOS, ndipo anthu ena anabwera ndi zigawo zawo: Pat Villani anapereka phata la sisitimuyo, limene akatswiri amalitcha kernel, pamene Tim Norman anayamba pulogalamu yolandira malamulo amene munthu amalemba pa kiyibodi. MS-DOS inali yaing'ono kwambiri, moti zigawo zake zofunika zinkakwana pa disiki imodzi ya floppy, komabe FreeDOS 1.0 inatuluka mu Seputembala 2006, patatha zaka 12. ReactOS, imene cholinga chake n'kuchita chimodzimodzi ndi Windows, inayamba mu 1998, ndipo ngakhale pa mtundu wa 0.4.15 umene unatuluka mu Malichi 2025, olemba ake akuitchabe alpha, kutanthauza kuti ikadali yoyeserera ndipo munthu asaikepo ntchito imene sangafune kuti itayike.

Wina angaganize kuti kuchedwaku kukuchokera pa kuchepa kwa anthu, popeza ambiri mwa olembawa amagwira ntchitoyi usiku ndi kumapeto kwa sabata, akaweruka ku ntchito zimene zimawadyetsa. Zimenezo n'zoona, koma sizikufotokoza zonse. Sisitimu ya Linux nayonso inayamba mu 1991 ngati ntchito yapambali ya wophunzira mmodzi ku Helsinki, ndipo m'zaka zochepa inali ikugwiritsidwa ntchito m'malo ambiri. Linux inkatsanzira sisitimu yakale yotchedwa Unix, koma mapulogalamu ake ankabwera ndi khodi yake, moti pakakhala kusagwirizana, pulogalamuyo inkatha kukonzedwa. Wolemba FreeDOS kapena ReactOS alibe mwayi umenewo. Mapulogalamu amene akufuna kuyendetsa anamalizidwa kalekale, makampani ambiri amene anawapanga anatsekedwa, ndipo palibe amene angasinthe ngakhale chilembo chimodzi m'kati mwake. Pakabuka kusamvana, yogonja ndi sisitimu nthawi zonse.

Mfundo imeneyi imamveka bwino munthu akadziwa kusiyana kwa khodi ndi pulogalamu yomalizidwa. Khodi ndi zolemba za munthu m'chinenero monga C, zimene katswiri wina angaziwerenge n'kuzikonza. Pulogalamu ina, yotchedwa compiler, imamasulira zolembazo kukhala manambala amene purosesa, kachipangizo kamene ndi ubongo wa kompyuta, imawamva, ndipo manambalawo ndiwo ali m'fayilo ya .EXE imene wogula amalandira. M'manambalawo munalembedwa kale mmene pulogalamuyo idzapemphere chilichonse kwa sisitimu: khomo limene idzagogode, dongosolo la zimene idzapereke, ndi mayankho amene ikuyembekezera. Pulogalamuyo sidziwa dzina la kampani imene inalemba sisitimu ili pansi pake, ndipo ilibe nazo ntchito. Imangogogoda pamene inaphunzitsidwa kugogoda, ndipo yankho likasiyana pang'ono ndi limene linkabwera mu 1989, imasokonezeka.

Mu DOS khomo lalikulu ndi lamulo la purosesa lotchedwa INT 21h. Pulogalamu ikafuna kulemba mawu pa sikirini, imaika nambala 9 m'kamalo kosungira manambala m'kati mwa purosesa kotchedwa AH, imaika adiresi ya mawuwo m'kamalo kena kotchedwa DX, kenako n'kuitana INT 21h. DOS imalemba chilembo chimodzichimodzi mpaka itapeza chizindikiro cha $, pamenepo n'kuima. Khalidwe lachilendoli, loti mawu athere pa chizindikiro cha dola, linachokera ku sisitimu yakale ya CP/M, ndipo wolemba DOS yatsopano sangalisinthe ngakhale ataliona kuti n'lopusa. Ikafuna kutsegula fayilo, pulogalamuyo imaika nambala 3Dh mu AH. Zikatheka, DOS imabweza nambala yoimira fayiloyo m'kamalo ka AX; zikakanika, imakweza chizindikiro chotchedwa carry ndi kuika mu AX nambala ya vutolo, 2 ngati fayilo palibe, 3 ngati njira yopita ku fayiloyo palibe, 5 ngati chilolezo chakanidwa. Pulogalamu yowerengetsera ndalama ingakhale kuti inalembedwa moti ikalandira 2 imapanga fayilo yatsopano, koma ikalandira 3 imasiya ntchito. Sisitimu yatsopano ikabweza 3 pamene MS-DOS inkabweza 2, wogwiritsa ntchito amangoona pulogalamu yake ikukana kuyamba, ndipo amanena kuti FreeDOS ndi yosathandiza.

Zolembedwa m'mabuku a malangizo ngati zimenezi ndi gawo losavuta. Vuto lili pa zimene sizinalembedwe. Olemba mapulogalamu a m'zaka za m'ma 1980 ankafufuza m'kati mwa DOS n'kupeza makomo amene Microsoft sinawalengeze, ndipo ankawagwiritsa ntchito chifukwa panalibe njira ina yochitira zimene ankafuna. Mapulogalamu okhala mu memory n'kumadikira kuti munthu adine batani, monga SideKick ya kampani ya Borland, ankafunika kudziwa ngati DOS ili pakati pa ntchito ina asanailowerere, ndipo chizindikiro chouza zimenezo chinkapezeka kudzera pa nambala 34h, imene kwa zaka zambiri sinali m'malangizo. Nambala 52h inkapereka adiresi ya ndandanda za m'kati mwenimweni mwa DOS, ndipo mapulogalamu ankawerenga ndandandazo mwachindunji, podziwa kuti chinthu chakutichakuti chili pa malo akutiakuti. Zotsatira zake n'zakuti FreeDOS iyenera kutsanzira ngakhale mmene MS-DOS inkayalira zinthu zake m'chipinda chake chamkati. Zambiri mwa zinsinsi zimenezi zinasonkhanitsidwa ndi Ralf Brown mu mndandanda umene anthu ambirimbiri anathandiza kuulemba, ndipo olemba DOS yatsopano amaudalira kwambiri.

Ngakhale zolakwika zenizeni zimafunika kuzisunga. Purosesa ya Intel 8088, imene inali mu IBM PC ya mu 1981, inali ndi mizere 20 ya adiresi, choncho inkafika pa 1 MB basi, ndipo adiresi yopitirira pamenepo inkazungulira n'kubwerera pa ziro. Mapulogalamu ena anayamba kudalira kuzungulira kumeneko. Purosesa ya 80286 itabwera ndi mizere 24, kuzungulirako kunatha, ndipo mapulogalamuwo akanasiya kugwira ntchito. Pa kompyuta ya AT ya mu 1984, IBM inaika kachipata kotseka mzere wotchedwa A20, ndipo inakalumikiza ku kachipangizo koyang'anira kiyibodi, kamene kanali ndi waya wotsala. Kuyambira pamenepo, kwa zaka zambiri, makompyuta ankadzuka mzere umenewo uli wotseka, ndipo aliyense wolemba sisitimu ankayenera kulankhula ndi kachipangizo ka kiyibodi kuti apeze memory yonse. FreeDOS ili ndi pulogalamu yakeyake, HIMEMX, imene mwa zina imagwira ntchito yotsegula ndi kutseka chipata chimenechi.

Microsoft yomwe inadutsa m'mavuto omwewa, ndipo nkhani zake zikusonyeza kukula kwa katundu amene otsanzira akusenza. Masewero a SimCity anali ndi cholakwika choti ankawerenga memory imene anali atangoibweza kwa sisitimu. Pa sisitimu zakale palibe chinkachitika, chifukwa memory yobwezedwayo inkakhala isanapatsidwe kwa wina. Olemba Windows 95 ataona kuti masewerowa akufa pa sisitimu yawo, anaika khodi yozindikira SimCity ndi kusintha mmene memory ikugawidwira pamene masewerowo akuyenda. Panalinso mapulogalamu ambiri amene ankafufuza molakwika nambala ya Windows: ankafuna 3.10 kapena kuposerapo, koma ankayerekeza zigawo ziwiri za nambalayo padera, moti 4.0, imene inali nambala yeniyeni ya Windows 95, inkakanidwa chifukwa 0 ndi yochepa poyerekeza ndi 10. Windows 95 inangoyamba kuuza mapulogalamu akale oterowo kuti nambala yake ndi 3.95. Kampaniyo inali ndi antchito olipidwa ndi mapulogalamu zikwizikwi oyeserapo. Anthu a ReactOS ayenera kutulukira makhalidwe otere amodziamodzi, nthawi zambiri pamene wina wadandaula kuti pulogalamu yake yaima.

Pali njira zitatu zoyendetsera pulogalamu yakale, ndipo kulemba sisitimu yonse ndiyo yovuta kuposa zinazo. Njira yoyamba n'kutsanzira kompyuta yakaleyo ndi pulogalamu, monga imachitira DOSBox kapena QEMU. Yachiwiri n'kuika womasulira pakati, amene amalandira zopempha za pulogalamu ya Windows n'kuzipereka kwa Linux m'chinenero chake. Imeneyi ndi ntchito ya Wine, imene inayamba mu 1993, imene Alexandre Julliard wakhala akuitsogolera kuyambira 1994, ndipo inafika pa mtundu wa 1.0 mu Juni 2008. Wine yapita patali kwambiri, makamaka kuchokera pamene kampani ya Valve inamangapo Proton mu 2018 yoyendetsera masewero a Windows pa Linux. Kwa munthu amene akungofuna kutsegula pulogalamu yake yakale yolembera makalata, njira ziwirizi n'zokwanira, ndipo m'maganizo mwanga ndizo ayenera kuyamba kuyesa.

Chimene Wine singachite n'kuyendetsa madalaivala wamba a Windows, kutanthauza timapulogalamu timene timalankhula mwachindunji ndi zipangizo. Tiyerekeze malo osindikizira mabuku amene ali ndi makina odulira kapena ojambulira ogulidwa zaka 20 zapitazo, olumikizidwa ku kompyuta kudzera pa khadi yapadera yolowetsedwa m'kati. Makinawo ndi olimba, akugwirabe ntchito, ndipo kugula ena n'kodula kwambiri. Dalaivala wake analembedwera Windows 2000 kapena XP yokha, ndipo kampani imene inamulemba kulibenso. Microsoft inasiya kukonza XP pa 8 Epulo 2014. Dalaivala wotereyu sakhala kunja ngati pulogalamu wamba. Amalowa m'kati mwa kernel n'kumaitana ntchito za kernel ya Windows ndi mayina ake, ndipo kernel ya Linux ilibe mayina amenewo. Kuti dalaivalayu ayende popanda Windows, pakufunika kernel ina yomangidwa mofanana ndi ya Windows NT, ndipo apa ndi pamene pali chifukwa chenicheni cha ReactOS.

Ntchitoyi inayamba mu 1996 ndi dzina loti FreeWin95, cholinga chili kutsanzira Windows 95, koma inathera m'zokambirana za kamangidwe popanda chotuluka. Mu 1998 Jason Filby anaidzutsa ndi dzina latsopano, ndipo gululo linasankha kutsanzira Windows NT, sisitimu imene Dave Cutler ndi anzake anamanga ku Microsoft n'kuitulutsa koyamba mu 1993. Patapita nthawi anakhazikika pa NT 5.2, imene ndi Windows Server 2003, m'bale wake wa XP. Mafayilo a ReactOS ali ndi mayina omwewo amene ali mu Windows, monga ntoskrnl.exe, hal.dll, win32k.sys, ntdll.dll ndi kernel32.dll, osati chifukwa chosowa mayina ena, koma chifukwa mayinawo analembedwa m'kati mwa mapulogalamu ndi madalaivala amene adzawafunefune.

Kutsatira pempho limodzi kuchokera pamwamba mpaka pansi kumasonyeza kuchuluka kwa zimene ziyenera kufanana. Pulogalamu ikafuna kutsegula fayilo imaitana CreateFile, imene ili mu kernel32.dll. Kumeneko dzina la fayilo, lolembedwa monga C:\makalata\lipoti.doc, limasinthidwa kukhala dzina la m'kalembedwe ka m'kati ka NT, ndipo pempholo limapita kwa NtCreateFile mu ntdll.dll. Iyi imadutsitsa pempholo malire a pakati pa mapulogalamu wamba ndi kernel. M'kati mwa ntoskrnl.exe, gawo loyang'anira mayina limapeza chipangizo chimene chilembo C chikuimira, ndipo gawo loyang'anira zolowa ndi zotuluka limapanga kalata ya pempho yotchedwa IRP n'kuitumiza kwa dalaivala woyang'anira mafayilo. Panjira pangakhale madalaivala ena, monga a pulogalamu yoteteza ku mavairasi, amene amagwira kalatayo, kuiwerenga, n'kuipititsa. Aliyense wa iwo amayembekezera kuti chinthu chakuti chili pa malo akuti m'kalatayo. Yankho limabwerera njira yomweyo, ndipo nambala ya vuto ya kernel imasinthidwa kukhala nambala ina imene pulogalamu imaimva. Ili ndi pempho limodzi mwa zikwi zambiri, ndipo cholakwika chochitika m'kati mwa kernel sichipha pulogalamu imodzi yokha koma chimaimitsa kompyuta yonse pa sikirini ya buluu.

Zigawo zambiri za pamwamba ReactOS imazitenga ku Wine, popeza ntchito ziwirizi zili ndi zilolezo zolola kugawana khodi, ndipo ili ndi dalitso lalikulu kwa gulu laling'ono chotere. Koma zigawo za pansi, monga kernel, kuyang'anira memory, kuzindikira zipangizo zikalumikizidwa, ndi win32k.sys imene imajambula mawindo, sizingatengedwe kulikonse chifukwa Wine imasiyira Linux ntchito zimenezo.

Apa pamabwera funso la malamulo, limene lavutitsa ReactOS kuposa mavuto ambiri a ukatswiri. Lamulo loteteza umwini wa zolemba limateteza khodi imene munthu analemba, koma osati ntchito imene khodiyo imagwira. Khoti lalikulu la mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya linanena zimenezi momveka mu 2012 pa mlandu wa SAS Institute ndi World Programming, ndipo mu 2021 khoti lalikulu la ku America linagamula kuti Google sinalakwe potenga mayina ndi dongosolo la makomo a Java pomanga Android. Choncho kulemba sisitimu yochita zofanana ndi Windows n'kololedwa, koma kukopera khodi ya Windows n'koletsedwa. Njira yodzitetezera inadziwika kale m'zaka za m'ma 1980, pamene makampani ankafuna kupanga makompyuta ofanana ndi IBM PC. IBM inali itasindikiza khodi ya BIOS yake, kapulogalamu ka m'kati mwa kompyuta kamene kamaidzutsa ndi kulankhula ndi zipangizo zake, m'buku la malangizo, moti aliyense amene anaiwerenga akanatha kuimbidwa mlandu wokopera. Kampani ya Phoenix Technologies inagawa ntchito pawiri: ena anawerenga khodi ya IBM n'kulemba m'mawu zimene imachita, ndipo wolemba khodi yatsopano anali munthu amene sanaionepo ya IBM, wongotsatira mafotokozedwewo. BIOS ya Phoenix inatuluka mu 1984, ndipo njira imeneyi imatchedwa clean room.

Gulu la anthu ongodzipereka, obalalika m'mayiko osiyanasiyana, silingatsimikize mosavuta zimene aliyense anawerengapo. Mu Febuluwale 2004 mbali ya khodi ya Windows NT 4.0 ndi Windows 2000 inatayikira pa intaneti, ndipo mu Seputembala 2020 zinachitikanso ndi khodi ya XP ndi Server 2003, imene ndi sisitimu yeniyeniyo imene ReactOS ikutsanzira. Munthu wakunja angaone ngati umenewu ndi mwayi, koma kwa olembawa ndi msampha, chifukwa mzere uliwonse wofanana ndi wa Microsoft ungachititse kuti ntchito yonse ikayikiridwe. Wine salandira khodi kuchokera kwa munthu amene anawerengapo khodi ya Windows. Mu Januwale 2006 mmodzi wa olemba ReactOS anadandaula kuti mbali ina ya khodi yawo inachokera pa kumasula mafayilo a Windows. Ntchito inaimitsidwa kwa kanthawi, ndipo panayambika kafukufuku wa m'kati wounika mafayilo, amene anapitirira mpaka 2007. Panthawiyo gululo linataya nthawi yambiri ndiponso anthu ena. Chovuta n'chakuti ntchito zina zing'onozing'ono zili ndi njira imodzi yokha yomveka yozilembera, moti anthu awiri osadziwana angalembe zofanana, ndipo wokayikira sangakhutire ngakhale atauzidwa zimenezo.

Njira yovomerezeka yotulukira khalidwe la Windows ndi mayeso. Wolemba amapanga kapulogalamu kakang'ono kofunsa mafunso ambiri, ena mwa iwo opanda nzeru mwadala: kutsegula fayilo ya dzina lopanda kanthu, kupereka adiresi ya ziro, kutseka chinthu kawiri. Amakayendetsa pa Windows yeniyeni n'kulemba mayankho ake, ndipo mayankhowo amakhala muyezo, ngakhale atatsutsana ndi zimene malangizo a Microsoft akunena. Kenako amakayendetsa pa ReactOS n'kukonza khodi mpaka mayankho afanane. Wine ndi ReactOS ali ndi mayeso otere ochuluka zedi, amene amayendetsedwa mobwerezabwereza kuti chimene chakonzedwa lero chisathyole cha dzulo.

Tsiku la wolemba wotereyu silikhala ndi zosangalatsa zambiri zoonetsa anthu. Amayendetsa ReactOS m'kompyuta yoyerekezera ya VirtualBox kapena QEMU, ndipo amalumikiza khomo la serial la kompyuta yoyerekezerayo ku windo lina kumene kernel imalembako zonse zimene ikuchita. Amayambitsa pulogalamu imene wina wadandaula nayo, n'kumayang'ana mizere ikutsika mpaka papezeke mawu oti UNIMPLEMENTED, osonyeza kuti pulogalamuyo yagogoda pa khomo limene silinamangidwe. Limenelo ndi tsiku labwino, pakuti vuto laoneka. Masiku ambiri palibe uthenga uliwonse: pulogalamu imangojambula batani pamalo olakwika, kapena imafa patatha mphindi khumi chifukwa cha yankho lolakwika limene inalandira poyambirira. Ngati pulogalamuyo inkayenda mwezi watha, amamanga sisitimu yonse monga inaliri pakati pa mweziwo, n'kuyesa, kenako pakati pa theka limene lili ndi vuto, mpaka atapeza kusintha kumodzi kumene kunabweretsa vutolo. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa ntchito iyi kudekha kwake kungakhale kwa milungu itatu chifukwa cha mizere inayi ya khodi.

Haiku ikusonyeza vuto lomweli kuchokera mbali ina. BeOS inali sisitimu ya kampani ya Be, imene anayambitsa Jean-Louis Gassée atachoka ku Apple, ndipo kampaniyo inagulitsa katundu wake kwa Palm mu 2001. Chaka chomwecho Michael Phipps anayambitsa OpenBeOS, imene inasintha dzina kukhala Haiku mu 2004, n'cholinga choyendetsa mapulogalamu a BeOS R5 osawasintha. Mapulogalamu a BeOS analembedwa m'chinenero cha C++, ndipo mmene compiler imatchulira mayina a ntchito ndi kuyalira zinthu mu memory munasintha pakati pa mtundu wachiwiri ndi wachitatu wa compiler yotchedwa GCC. Pofuna kusunga lonjezo lawo, olemba Haiku anapitiriza kumanga mtundu wa 32-bit ndi GCC 2.95, compiler ya kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo pambali pake anaika yatsopano yomangira mapulogalamu amakono. Mtundu wa 64-bit unasiya lonjezolo ndipo suyendetsa mapulogalamu a BeOS. Haiku inatulutsa alpha yoyamba mu 2009 ndi beta yoyamba, mtundu woyeserera wokhwimako, mu 2018, ndipo lero anthu ambiri amene amaigwiritsa ntchito amaikonda chifukwa cha kupepuka kwake, osati chifukwa cha mapulogalamu akale aja. AROS, imene inayamba mu 1995 kutsanzira AmigaOS 3.1 kampani ya Commodore itagwa, inayenda njira yofananako.

FreeDOS, Haiku ndi AROS zili ndi mwayi umodzi umene ReactOS ilibe, woti chimene zikutsanzira chinaima. MS-DOS yogulitsidwa payokha inathera pa 6.22 mu 1994, BeOS inathera pa R5, ndipo muyezo susunthanso. Windows ikupitirirabe. Windows Vista inabweretsa NT 6.0 pamodzi ndi kalembedwe katsopano ka madalaivala a zithunzi, ndipo opanga mapulogalamu anayamba kuitana ntchito zimene kulibe mu NT 5.2. Chrome inasiya XP pa mtundu wa 49 mu 2016, ndipo Firefox inathera pa 52 ESR, imene inasiya kukonzedwa mu 2018. Choncho sisitimu yofanana ndendende ndi Server 2003 ingayendetse dalaivala wa makina odulira aja, koma singatsegule msakatuli wamakono wa intaneti. Olemba ReactOS akuwonjezera pang'onopang'ono ntchito za NT 6, ndipo zimenezi zili ndi vuto lake, chifukwa pulogalamu ikaona ntchito imodzi ya Vista ingaganize kuti zonse zilipo n'kupempha zimene kulibe.

N'chifukwa chake amene amalengeza ReactOS ngati yolowa m'malo mwa Windows pa makompyuta amene Windows 11 yawakana, makamaka Microsoft itasiya kukonza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, akusocheretsa anthu, ndipo olemba ake enieniwo sanena zimenezo. Phindu limene laoneka kale lili kwina. Khodi ya ReactOS ndi imodzi mwa malo ochepa pamene wophunzira kapena wofufuza za chitetezo angawerenge mwalamulo mmene kernel yamtundu wa NT ingamangidwire, ndipo zokonza zina zopezeka mu ReactOS zimabwerera ku Wine. FreeDOS inapeza ntchito zimene Jim Hall sakanaziganizira mu 1994: makampani monga HP ndi Dell agulitsapo makompyuta atsopano okhala ndi FreeDOS kwa ogula amene sakufuna kulipira chilolezo cha Windows, ndipo kwa zaka zambiri inkagwiritsidwa ntchito poyendetsa mapulogalamu okonzanso BIOS. Inatulutsa 1.3 mu 2022 ndi 1.4 mu 2025.

Komabe pansi pamene FreeDOS yaima pakugumuka. DOS iliyonse imadalira BIOS powerenga disiki ndi kiyibodi, ndipo mapulogalamu a DOS nawonso amaitana BIOS mwachindunji. Makompyuta amakono amadzuka ndi UEFI, yolowa m'malo mwa BIOS, imene kwa zaka zingapo inkabwera ndi gawo lotsanzira BIOS lotchedwa CSM. Mu 2017 Intel inalengeza kuti pofika 2020 idzasiya kuthandiza gawo limeneli pa zipangizo zake zatsopano, ndipo malaputopu ambiri a masiku ano alibe. Pa kompyuta yotere FreeDOS singadzuke yokha, ndipo kuilembanso kuti ilankhule ndi UEFI sikungathandize mapulogalamu akale, pakuti iwo adzagogodabe pa makomo a BIOS amene achotsedwa. Amene ali ndi laputopu yatsopano amayamba watsegula QEMU kapena VirtualBox, imene ili ndi BIOS yolembedwanso ndi anthu ena, n'kuikamo FreeDOS, kenako pulogalamu ya mu 1989 ija imaika 3Dh mu AH n'kuitana INT 21h.